Kaphesi ndi Tayala Lothawa

Kodi munaimva nkhani ya Kaphesi? Msewu wonse unkanong'ona. Ati Kaphesi wagwetsa tayala la amalume ake. Ati!

Ometa tsitsi ankanong'ona. Atelala ankanong'ona. Mayi wa tomato ndiye sankanong'ona n'komwe. Ankachita kukuwa.

Koma dikirani. Tiyambe ndi poyambira.

Kaphesi anali kamtsikana kakang'ono. Manja ake anali owonda ngati phesi. Miyendo yake nayonso ngati phesi. N'chifukwa chake ankamutchula Kaphesi. Dzinalo sankadandaula nalo. Koma kumunamizira? Kumeneko ndiye ayi!

Amayi ake a Kaphesi anali amakaniko. Anali ndi galaja kuseri kwa nyumba. M'galajamo munkanunkha oyilo. Munali jeke wofiira. Munali chitini cha mabawuti akale. Munali beseni la madzi loyesera machubu a matayala. Pakhoma panali masipanala, aakulu ndi aang'ono.

Koma panali sipanala ina yapadera. Inali yaitali. Inali yonyezimira. Pa chogwirira chake panali manambala. Ndipo sipanala imeneyi inkalankhula! Inkadziwa mawu amodzi okha.

"Kha!"

Kaphesi ankaikonda kwambiri. Akaweruka kusukulu, ankathamangira kugalaja. Amayi ake ankamuphunzitsa.

"Tayala limagwidwa ndi mabawuti," ankatero amayi. "Ukamanga pang'ono, tayala limagwedera. Ukamanga mopitirira, bawuti limavulala."

"Chitsulo n'kuvulala, amayi?"

Amayi anapisa dzanja m'chitini. Anatulutsa bawuti lakale. Linali ndi khosi lowonda.

"Waona? Wina analikoka mopitirira. Linatamuka. Likatamuka, limaduka."

"Nanga timadziwa bwanji polekera?"

"Buku la galimoto limatiuza nambala. Nambalayo timaiika pa sipanala. Timakoka pang'onopang'ono. Ikati kha, basi!"

"Ikati kha, basi!" anatero Kaphesi.

Tsono Kaphesi anali ndi amalume ake. Iii, amalume amenewo! Mkono umodzi ngati thunthu la mtengo. Akatseka mpopi, panalibe wotsegula. Akatseka botolo, ankachita kukaitana aneba. Akakupatsa moni wa dzanja, zala zinkalira.

Tsiku lina amalume anabwera ndi galimoto yawo yoyera. Anagula matayala atsopano.

"Achemwali, tandiikireni awa," anatero amalume.

Amayi anakweza galimoto ndi jeke. Anachotsa matayala akale. Anaika atsopano. Kaphesi analowetsa mabawuti ndi zala. Anapotokola ndi zala kaye. Umo ndi mmene amayambira. Kenako amayi anatsitsa galimoto. Anaona m'buku. Anaika nambala pa sipanala.

"Tiye, mwana wanga. Ine ndili pompano."

Kaphesi anagwira sipanala ndi manja onse. Sanamange motsatana. Ankamanga ili, n'kudumphira la kutsidya. Ankachita ngati akujambula nyenyezi. Akatero, tayala limakhala mowongoka.

Anakoka. "Kha!"

Anakoka lina. "Kha!"

Tayala ili kha. Tayala ilo kha. Onse anatha.

"Basi!" anatero Kaphesi.

Amalume anatong'ola maso.

"Basi? Zatha? Ndi timanja timeneti? Mphwanga, sunatuluke ndi thukuta lomwe!"

"Yanena sipanala, amalume."

"Sipanala ili ndi pakamwa?" Amalume anaseka. Analowa m'galimoto. Anapita akupukusa mutu.

Panapita masiku. Ndiye tamverani tsono!

M'mawa wina amalume ankadutsa pamsika. Ankayenda pang'onopang'ono. Pamsewupo panali dzenje. Galimoto inati gudu! Tayala lakumbuyo linachoka. Linathamanga lokha. Linapitirira galimoto. Linapitirira ometa tsitsi. Linapitirira atelala. Linakalowa pa tebulo la tomato. Phwa!

Mwamwayi palibe anavulala. Koma tomato ndiye anali mbwee msewu wonse.

Amalume anatuluka atakwiya.

"Ndinanena ine! Ndi Kaphesi! Timanja take tija!"

Basitu, nkhani inamera miyendo.

"Ati anamanga ndi zala zokha," anatero ometa tsitsi.

"Ati ankamanga uku akudya switi," anatero atelala.

"Ati anamata ndi malovu!" anakuwa mayi wa tomato.

Ndi malovu? Anthu inu! Pamene Kaphesi ankamanga, mwa iwowa panalibe ndi mmodzi yemwe. Koma aliyense ankalankhula ngati analipo.

Kusukulu nakonso zinafika. Ana ankaimba.

"Kaphesi, Kaphesi, tayala lili kuti? Kaphesi, Kaphesi, lapita kukagula tomato!"

Kaphesi anatentha nkhope. Anatentha makutu. Anatentha mtima. Anathamangira kunyumba.

M'galaja munali zii. Munalibe galimoto ndi imodzi yomwe. Anthu anali atasiya kubwera. Ati safuna galaja ya ana.

Kaphesi anayang'ana pakhoma. Sipanala yolankhula panalibe. Anayang'ana m'mwamba. Uko! Amayi anali ataikoleka pa msomali wa pamwamba penipeni.

"Amayi! Bwanji?"

"Usaikhudze kaye, mwana wanga."

"Koma sindinalakwe! Inati kha! Inunso munamva!"

"Ndinamva. Ndinalipo. Koma anthu sanamve."

"Ndiye muwauze!"

"Ndawauza. Akuti ndikuikira mwana kumbuyo."

"Nanga galimotoyo mwaiona?"

Amayi anausa moyo.

"Amalume ako aikokera kwawo. Aiphimba ndi chilona. Akuti ine ndisaikhudze."

Kaphesi anapondetsa phazi pansi. Di!

"Si chilungamo!"

Anapondanso. Di!

"Si chilungamo ayi!"

Tsiku limenelo Kaphesi sanasewere. Sanaseke. Anangokhala pa tayala lakale. Tsaya lili m'manja. Maso ali pa sipanala. Ankaifuna sipanalayo. Ankafunanso kuti bodza lithe.

Kenako anadzambatuka.

"Tayala silinagwe lokha," anatero. "Ndikaone pamene linagwera."

Anapita kumsika. Anapeza dzenje lija. Anayang'ana m'fumbi. Palibe. Anayang'ana mu udzu. Palibe. Anasuzumira m'ngalande. Palibe.

"Iwe! Wabweranso kudzatani?" Anali mayi wa tomato. Manja ali m'chiuno. "Tomato wanga sanakukwane?"

Kaphesi anafuna kukuwa. Koma anameza malovu.

"Pepani ndi tomato wanu, mayi. Koma si ine. Ndikufuna mabawuti a tayala lija."

"Mabawuti? Ndinatola kachitsulo kena pamsewupa. Tenga zinyalala zako!"

Mayiyo anaponya kachitsulo. Kanagwera pamapazi pa Kaphesi. Ngwe!

Kaphesi anakatola. Anakapukuta pa siketi. Linali bawuti. Koma linali lalifupi. Mutu unalipo. Thupi linali theka. Khosi linali lowonda. Poduka pankanyezimira.



Kaphesi anakumbukira chitini chija. Anakumbukira khosi lowonda lija.

Anathamanga. Anapitirira atelala. Anapitirira ometa tsitsi. Liwiro lake kuposa tayala lija!

"Amayi! Amayi! Taonani!"

Amayi anatembenuza bawutilo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukuona chiyani, mwana wanga?"

"Bawuti logwedera limamasuka. Limatuluka lathunthu. Koma ili silinamasuke. Laduka!"

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti wina analikoka mopitirira!"

Amayi anayang'ana timanja ta Kaphesi. Kaphesi anayang'ananso timanja take. Onse anaganiza za munthu mmodzi.

"Tiye," anatero amayi.

Anawapeza amalume ali pakhonde. Galimoto inali pabwalo. Inali m'chilona ngati wodwala malungo.

"Odi, achimwene!"

"Ngati mwabwera kudzapepesa, lowani," anatero amalume.

Kudzapepesa? Kaphesi anamva mutu kuwira. Koma anapinda mawondo mwaulemu.

"Amalume, ndifunse nawo?"

"Funsa."

"Mutachoka kwathu tsiku lija, munawakhudzanso matayala?"

"Kukhudza?" Amalume anatukula chifuwa. "Ndinachita kuwamanga zenizeni! Iwe unangowasisita."

"Munamanga ndi chiyani?"

"Ndi sipanala yanga. Ndinailowetsa m'chipaipi icho." Analoza pakona. Panali chipaipi chachitali kuposa Kaphesi. "Ndinakoka. Ndinakokanso. Kenako ndinakwerapo ndi miyendo yonse. Ndinadumpha. Ndinadumphanso. Mpaka bawuti linalira kuti kwiii!"

"Munadumphapo?" Amayi anagwira pakamwa.

"Eya! Matayala onse! Pakanapanda ine, bwenzi atagwa tsiku lomwelo."

Kaphesi anatambasula dzanja. Anaonetsa bawuti lija.

"Amalume, laduka. Munalikoka mpaka kutamuka."

Amalume anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mphwanga, chitsulo si chingamu! Chinthu ukachimanga kwambiri chimalimba. Aliyense amadziwa."

"Si choncho!"

"Ndi choncho!"

"Si choncho, amalume! Tiyeni kugalaja mukaone. Mutenge ndi chipaipi chanucho."

"Tiye! Ukachite manyazi bwino."

Ananyamuka. Kaphesi patsogolo. Amayi pakati. Amalume pambuyo, chipaipi chili paphewa.

Ndiye mukudziwa anthu a mumsewu muja. Ometa tsitsi anasiya mutu wa munthu uli theka. Atelala anabwera ndi tepi m'khosi. Mayi wa tomato anasiyira mnzake tebulo. Ana a sukulu anakwera pa mpanda. Galaja inadzaza.

Amayi anatenga chitsulo chakale chomangapo tayala. Anachipana zolimba pa tebulo. Analowetsa bawuti labwinobwino. Kenako anakwera pa mpando. Anatsitsa sipanala yolankhula. Anaika nambala. Anampatsa Kaphesi.

Kaphesi anakoka pang'onopang'ono.

"Kha!"

"Basi," anatero.

"Achimwene, taligwedezani," anatero amayi.

Amalume anagwira bawutilo ndi zala zawo zikuluzikulu. Anapotokola. Silinasunthe. Anayesanso. Silinasunthe.

"Lalimba," anatero atelala.

"Lalimba pang'ono," anatero amalume. "Tsopano taonani kumanga kwa amuna."

Analowetsa sipanala yawo m'chipaipi. Analavulira m'manja. Anakoka.

Bawuti linalira. "Kwiii!"

"Mwamva? Likulimba!"

Anakokanso. "Kwiii!"

"Amalume, likulira chifukwa likupweteka," anatero Kaphesi.

"Khala chete, mphwanga. Ona mphamvu!"

Amalume anaponda pa mwendo wa tebulo. Anakoka ndi thupi lonse. Nkhope inafiira. Mitsempha inatuluka.

Thyo!

Bawuti linaduka. Amalume anabwerera chambuyo. Phazi ili kutsetsereka. Phazi ilo kutsetsereka. Anakakhala m'beseni la machubu. Phuvu!

Madzi anawaza atelala. Anawaza ometa tsitsi. Miyendo ya amalume inali m'mwamba.

Ana a pa mpanda anafa nacho chiseko. Koma Kaphesi sanaseke. Anatola mutu wa bawuti loduka. Anatulutsa lina lija la kumsika. Anawaika pamodzi pa tebulo.

Ili lalifupi. Ilo lalifupi.

Ili khosi lowonda. Ilo khosi lowonda.

Ngati mapasa!



Kaphesi anatembenukira kwa anthu. Analankhula.

"Munati ndinamanga ndi zala. Munaona?"

Ometa tsitsi anayang'ana pansi.

"Munati ndinkadya switi. Munaona?"

Atelala anayamba kupinda tepi yawo.

"Munati ndinamata ndi malovu!"

Mayi wa tomato anatsokomola. "Ine ndinangomva kwa anthu."

"Aliyense anangomva kwa anthu! Nanga ine anandifunsa ndani?"



Amalume anadzuka m'beseni. Buluku linali kudontha. To, to, to. Anatenga mabawuti awiri aja. Anawayang'ana. Anayang'ana manja awo. Kenako maso awo anakula.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu. "Ndinadumpha pa matayala onse."

"Ndamva, achimwene."

"Ndipo likanapanda kugwa pamsika, mawa lake ndikananyamula ana. Pa msewu waukulu."

Amayi anamukokera Kaphesi pafupi nawo. Aliyense anamva kuzizira.

Amalume anagwada pansi. Anafanana msinkhu ndi Kaphesi.

"Mphwanga, ndakulakwira. Iwe unamanga bwino. Ndinawononga ndine. Kenako ndinakunamizira. Pepa."

Kaphesi anapinda manja pachifuwa. Mkwiyo unali usanathe.

"Bodzalo munalinena mokuwa, amalume. Kupepesaku mukunong'ona."

Iii, Kaphesi! Amayi anabisa kumwetulira.

Amalume anakanda m'mutu. Anaimirira. Anatuluka pamsewu ndi buluku lonyowalo. Anatsegula kukamwa.

"Tamverani nonse! Tayala ndinagwetsa ndine! Kaphesi sanalakwe!"

Agalu anauwa. Nkhunda zinauluka padenga. Msewu wonse unamva.

"Ndipo tebulo lanu ndikonza, mayi," anawonjezera amalume. "Tomatonso ndibweza."

"Koma misomali musakhome ndinu," anatero mayi wa tomato. "Mungaswe thabwa." Kenako anamukodola Kaphesi. "Pepa, mwana iwe. Pakamwa pangapa sipamva."

Pamenepo Kaphesi anamwetulira. Pang'ono pokha.

Tsiku lotsatira anaikokera galimoto kugalaja. Anachotsa chilona. Amayi anamasula mabawuti onse. Anavuta kumasula! Ambiri anali ndi makosi owonda. Onse anapita m'chitini. Amayi anabweretsa atsopano.

Kaphesi analowetsa ndi zala. Amayi anatsitsa jeke. Anaona m'buku. Anaika nambala.

Kaphesi anatenga sipanala. Anaganiza pang'ono. Kenako anaipereka kwa amalume.

"Gwirani apa. Kokani pang'onopang'ono. Osagwedeza. Osadumphira."

Amalume anakoka ngati akunyamula dzira.

"Kha!"

Amalume anadzidzimuka.

"Yalankhuladi!"

"Tsopano la kutsidya. Ngati nyenyezi."

"Kha!"

Amalume anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Mkono unkawayabwa.

"Mphwanga, ndiwonjezere pang'ono pokha?"

"Ayi!"

"Kapang'ono chabe?"

"Ikati kha, basi!" anatero Kaphesi.

"Ikati kha, basi!" anatero amayi.

"Basi!" anakuwa ana a pa mpanda.

Amalume anakweza manja m'mwamba. "Chabwino, chabwino! Basi!"

Matayala onse anatha.

"Mukayendako pang'ono mubwerenso," anatero Kaphesi. "Tidzamve ngati onse akadali pa kha."

"Ndamva, amakaniko aang'ono."

Amayi anatenga hamala. Anazula msomali wa pamwamba uja. Anaukhoma pansi, pamene Kaphesi amafikira. Anakolekapo sipanala yolankhula.

"Malo ake ndi amenewa," anatero amayi. "Koma uziigwira ine ndili pompo."

Kaphesi anawakumbatira. Amalume nawonso anatambasula mikono.

"Pang'onopang'ono, amalume!" anatero Kaphesi.

Amalume anawakumbatira onse awiri. Anayamba kufinya. Anafinyabe.

"Kha!" anakuwa Kaphesi.

Amalume anasiya pomwepo. Onse anaseka mpaka misozi.

Magalimoto anayambanso kubwera kugalaja. Ndipo mukudziwa zimene akunong'ona tsopano? Ati Kaphesi ndi katswiri. Ati ometa tsitsi ankadziwa kalekale. Ati atelala sanakayikepo. Ati!

Nanga iwe? Sipanala ili m'manja mwako. Wakoka pang'onopang'ono. Yati kha! Wina wamphamvu akuti, "Wonjezera pang'ono." Umuyankha kuti chiyani?